Mayina Amene Anabwera pa Foni

Mchimwene wanga wamng'ono ali ku Joni, kumene amasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ya mzungu wina. Anakwatira ku Kadewere, mtsikana wofatsa amene ukamufunsa kanthu amayamba wayang'ana pansi kaye, ngati mawu ake agwera pamenepo. Banja lawo linatha zaka zisanu lopanda mwana. Mwamunayo ankabwera kamodzi pa chaka, pena kudumpha chaka, koma anthu akafuna kuyankhula sankawerengera zimenezo. Chaka china anabwera nthawi yokolola n'kukhala miyezi iwiri, ndipo atangobwerera mlamu wanga anayamba kudana ndi fungo la usipa. Mwana anabadwira pa chipatala cha kwathu kuno ku Ndunde, wamwamuna, chimanga chitangoyamba kumasula.

Kwathu mwana woyamba amatchedwa dzina ndi akuchimuna. Makolo athu anatisiya kalekale, ndiye akuchimunawo ndinali ine. Ndipo dzina ndinali nalo. Ndinabereka ana anayi, onse aakazi, ndipo pa mimba iliyonse ndinkasunga dzina limodzi la mwana wamwamuna, loti Limbani. Mwana akabadwa wamkazi ndinkalibwezera pomwe linali, ngati mbewu ya nyemba imene umaithira phulusa n'kuitsekera m'botolo kudikira chaka china. Linakhala m'botolomo zaka makumi awiri. Nditamva kuti kwa mlamu kwabadwa mnyamata, ndinadziwa kuti nyengo yodzala yakwana.

Tsiku lachiwiri, ndikusenda nyemba pakhonde, foni inalira. Ndi foni ya tachi imene mchimwene wanga yemweyo ananditumizira, ndiye ikalira sindichedwa kuyankha.

"Achemwali, ndakutumizirani mayina asanu ndi limodzi," anatero. "Ndawapeza pa intaneti, lililonse ndi tanthauzo lake komanso kumene linachokera. Musankhepo limodzi, mukatchule tsiku lotuluka m'chikuta."

"Mayina akwathu atha?"

"Akwathu ndi aatali. Kuno mayina aatali sayenda. Langa lija abwana analidula tsiku loyamba lomwe, anangosiya mutu wokha ngati nsomba yodyedwa ndi mphaka. Mwana wanga ndikufuna akhale ndi dzina loti palibe pomudula."

Ndinati ndamva. Mchimwene wangayo ndinamulera ndekha, ndimamudziwa. Ukamuletsa kukwera mumtengo amakagona momwemo. Ndinavala magalasi n'kuwerenga zimene anatumizazo. Panali Kayi, akuti ndi nyanja m'chiyankhulo cha anthu a pachilumba china chakutali. Panali Iyani, akuti Mulungu ndi wachisomo. Dani ndi woweruza, Beni ndi mwana wamwamuna, Samu ndiye kuti Mulungu wamva, atatu amenewa ochokera kwa Ahebri. Lomaliza linali Liyo, mkango. Mchombo wa mwana umagwa pakatha sabata, mwina kupitirira pang'ono. Ndinali ndi masiku ochepa oti ndiphe mayina asanu ndi limodzi, komanso ndiwaphe mwa njira yoti mwini wake aziganiza kuti afa okha.

M'mawa mwake ndinanyamula ndowa ndi foni kupita ku mjigo. Madzi ndinali nawo kunyumba, koma ku mjigo m'mawa kumakhala bwalo lamilandu labwino kuposa lina lililonse. Ndinangoti, "Anzanga, tandithandizani, dzina lakuti Kayi mukuliona bwanji?" ndipo ndinadina pojambulira mawu.

Mayi wina amene amakazinga mandasi pa msika anatula ndowa yake pansi. Ndi munthu woti akayamba nkhani amaichita ndi thupi lonse.

"Tiyerekeze mwanayo wasochera ku Limbe," anatero. "Wapolisi wamupeza. Iwe mwana, dzina lako ndani? Kayi. Ndati dzina lako ndani? Kayi. Bambo ako anakutcha chiyani? Kayi. Basi khofi. Mwana adzakula akumenyedwa chifukwa cha mwano, chikhalirecho akunena zoona."

Kwathu kuno kaya ndi kayi sizisiyana kwenikweni pakamwa pa munthu wotopa. Amayi anaseka mpaka amene ankapopa mjigo analeka. Ndinatumiza mawuwo ku Joni osawonjezerapo kanthu. Masana kunabwera uthenga waufupi wakuti Kayi mumuchotse.

Dani ndinamupha ndekha. Ndinamukumbutsa mchimwene wanga kuti mwana sakhala khanda mpaka kale, adzakula, ndipo munthu wamkulu kwathu sitimutchula dzina lili lokha, timaika ulemu kutsogolo.

"Tayesa," ndinamuuza. "Wafika pa ukwati, anthu akulengeza."

Anayesa chapansipansi. "ADani afika."

"Adani afika. Nanga ku tchalitchi akadzamusankha kukhala mkulu wa mpingo? Tiyeni tiweramitse mitu, adani atipempherere."

Anaseka, ngakhale sanafune. Beni sanavute, chifukwa tonse tinakula tikuonera anzathu achiYao akuvina beni atavala ngati asilikali, ndipo ndinangomufunsa ngati wachiwiri adzakhale Manganje. Pa Samu anayesa kulimba. Anati tanthauzo lake ndi labwino, Mulungu wamva, ndipo n'zoona kuti anamva. Ndinavomera kuti ndi labwino. Kenako ndinamufunsa kuti sitandade eyiti anabwereza kangati, komanso chimene chinkamugwetsa chinali chiyani.

"Masamu," anatero.

"Ndiye ukufuna samu ina iziyenda m'nyumba mwako, izikupempha nsapato?"

Pa Iyani ndiye ndinapyola muyeso, ndipo ndikuvomera. Ndinatsitsa mawu n'kumuuza kuti iyeyo ali kutali, sadziwa kuti pamene mimba inaonekera anthu ena ankawerenga miyezi pa zala. Anawerenga ndipo zinakwana bwinobwino, koma anawerenga ndithu. Tsono mwana wa munthu amene amakhala ku Joni ukamutcha Iyani, pa mjigo lidzatembenuka tsiku lomwelo kukhala wa yani. Ndinamva galimoto zikudutsa kumbuyo kwa mchimwene wanga, ndinamva akupuma. Kenako anati, "Ndani ankawerenga?" Ndinati zisiye, anthu ndi anthu. Tsiku limenelo nyemba sizinandikomere.

Panatsala Liyo, ndipo pamenepo anadzika miyendo. Mkango, achemwali. Mfumu ya nyama zonse. Ndinalitembenuza dzinalo uku ndi uku masiku awiri. Ndinaliyesa ndi ulemu kutsogolo, silinavute. Ndinapita nalo ku mjigo, mayi wa mandasi analilawa pakamwa n'kunena kuti limeneli ndiye lokoma. Ndinapita nalo ku chigayo, kumeneko analikonda kwambiri. Ndinayamba kuona kuti Limbani wanga abwereranso m'botolo.

Ndikubwerera ku chigayoko ndinapeza kagalu kanga katagwetsa mphika wa ndiwo. Kanali kamwana, ndinapatsidwa ndi anansi sabata zitatu m'mbuyomo, ndipo ndinali ndisanakatche dzina, ndinkangoti iwe. Ndinatola mtengo kuti ndikakwapule, kenako ndinauponya pansi. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mkute ndi mitu ya usipa, ndinakhala pa mpando n'kuyamba sukulu. Liyo, ndikaponyere. Liyo, ndikaponyerenso. Galu wanjala amaphunzira msanga kuposa mwana wa sitandade eyiti. Pofika madzulo kankabwera kakuthamanga ngakhale nditanong'oneza.

M'mawa mchimwene wanga anaimba ndi kanema, kuti timalize nkhaniyo. Ndinamusiya ayankhule za mkango wake, kenako ndinatembenuka n'kunena kuti, "Liyo, choka apo, usanyambite mbale." Kagalu kanabwera n'kuika mphuno pa foni penipeni.

"Achemwali, mwati chiyani?"

"Ndimayankhula ndi galu."

"Galuyo dzina lake ndani?"

"Wamva wekha. Ndimaopa kukuuza, ndinaona kuti walikonda kwambiri."

"Kuyambira liti?"

"Taona mmene akuvomeramu. Ungati ndi dzina la lero limeneli?"

Bodza sindinanene, linali la dzulo. Galuyo alipo mpaka pano, ndi waulesi, amathawa ngakhale nkhuku ya anapiye. Mchimwene wanga anapukusa mutu n'kunena kuti watopa. Anati ndisankhe ndekha, bola likhale lalifupi. Ndinawerenga mumtima kuti Limbani ukamudula mchira amatsala Limba, ndipo ndinamuuza kuti asadandaule.

Uthenga unabwera kuti mchombo wagwa. Ndinagwira nkhuku yaikazi, ndinagula sopo ndi nsalu, ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku Kadewere. Mvula inali itagwa m'mawa, ndiye malo ena ndinkatsika n'kuyenda pansi, nkhuku ili m'khwapa. Ndinafika anthu atayamba kale kusonkhana, amayi okhaokha ndi amuna awiri atatu amene anakhala patali pansi pa mtengo wa mango.

Ndisanakhale n'komwe, amayi a mlamu wanga anandigwira dzanja n'kupita nane kuseri kwa nyumba. Ndi mayi wamtali, wa mawu aakulu, wosiyana kwambiri ndi mwana wawo. Anandiimika pamaso pa nyumba imene mchimwene wanga anayamba kumanga pamudzipo. Makoma anafika mpaka pamwamba, koma denga panalibe, ndipo inali itavumbwa mvula ya zaka ziwiri. M'chipinda chochezera munamera bonongwe.

"Mwaiona?" anandifunsa.

"Ndaiona, amayi."

"Mwanayu dzina lake ndi Mwatitaya. Bambo ake akamamuitana pa foni, azidzimvera okha."

Mayina oterewa kwathu si achilendo. Munthu ukakhala ndi mawu amene sungathe kuuza mkamwini kapena mnansi pamaso, umawapachika pa mwana, ndipo mwanayo amayenda nawo moyo wake wonse ngati kalata imene sanalembe ndi iye. Ndinawauza kuti dandaulo lawo ndi lomveka, koma bambo a mwana alamula kuti dzina likhale lalifupi.

"Ndiye dulani. Akhale Taya."

"Amayi, mdzukulu wanu yemwe, Taya?"

Anaganiza pang'ono n'kuona kuti sizikumveka. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti woyamba ndi wa kuchimuna, wachiwiri adzakhala wawo, adzamutche chilichonse chimene afuna. Anati wachiwiriyo adzamuona ali ndi mano angati m'kamwa, poti woyambayu watenga zaka zisanu. Koma anandisiya. Ndinabwerera kutsogolo ndikuyenda ngati munthu amene wapambana milandu iwiri sabata imodzi.

Ndinalowa m'nyumba kuti ndikatenge mwana. Mlamu wanga anali pa mphasa, atatsamira khoma, akuyamwitsa. Tinapatsana moni, ndinamuyamikira, ndinamuona mwanayo. Mphuno inali ya bambo athu ndendende. Ndikutambasula manja kuti ndimunyamule, mlamu anapisa pansi pa pilo n'kutulutsa buku la kuchipatala.

"Alamu, tandiwerengerani kaye apa. Sindikuona bwino tsiku la sikelo."

Mtsikana ameneyu anafika fomu thuu, ndipo maso ake ndi abwino kuposa anga. Komabe ndinavala magalasi. Tsiku la sikelo sindinafikepo. Pachikuto, pa mzere wa dzina la mwana, panali patalembedwa kale ndi cholembera cha buluu, zilembo zazikulu: Yankho.

"Ichi n'chiyani?"

"Anamwino anandifunsa ngati dzina lilipo kale. Anati ngati palibe palibe vuto, tidzalemba tsiku lina. Ine ndinati lilipo."

"Tsiku lomwe anabadwa?"

"Lomwelo."

Ndinakhala pansi pa mphasapo. Sabata yonse imene ndinkazungulira pa mjigo ndi pa chigayo, ndikuphunzitsa galu, mwana anali ndi dzina kale.

"Yankho la chiyani?" ndinafunsa.

Anayang'ana pansi monga mwa masiku onse. "La mafunso, alamu. Analipo ambiri."

Zaka ziwiri m'mbuyomo, pa ukwati wa mwana wanga woyamba, tinali kophikira amayi ambiri, tikusenda anyezi. Ine ndinali nditasangalala, pakamwa patamasuka. Ndinamuyang'ana mlamu wangayo n'kufunsa anthu onse akumva kuti, kodi alamu, achimwene akabwera, kuchipinda kwanuko mumangopemphera? Anthu anaseka kwambiri, ndipo ine ndinanyadira kuti ndaseketsa anthu. Iye anangopitiriza kusenda anyezi, ndipo misozi yake tonse tinati ndi ya anyezi. Ndinali nditaiwala. Pa mphasa paja zinabwera zonse, mpaka mtundu wa beseni limene tinkaponyamo makoko.

"Achimwene anu sakudziwa," anatero. "Amayi sakudziwanso. Ndimafuna mukalitchule inuyo, panja paja."

Ndinamuyang'anitsitsa. Nkhope inali yofatsa yomwe ija, koma pakona pa mlomo panali kanthu kena kamene ndinali ndisanakaonepo zaka zonsezo. Ndinazindikira kuti mtsikana ameneyu tinkamuyesa madzi odikha, osadziwa kuya kwake. Manyazi anandigwira, koma kuseka nakonso kunandigwira, ndipo ndinachita kutseka pakamwa ndi nsalu kuti akunja asamve.

"Nanga titaika lachiwiri?" ndinayesa. "Ndili nalo lina labwino."

"Limbani?"

"Wakuuza ndani?"

"Ku Ndunde konse amamudziwa Limbani wanu, alamu. Musungeni. Ana anu akukwatiwa, adzapeza pokhala."

Ndinanyamula mwana n'kutuluka naye. Dzuwa linali litatuluka, pabwalo pakufuka nthunzi. Amayi anakhala pa mphasa ziwiri, ena pa khonde. Ndinaima pakati, ndipo popeza dzina anali atandilanda kale, ndinaganiza kuti ulemu wokha asandilande. Ndinawauza kuti ntchito yotcha dzina si yamasewera. Ndinati ndatha sabata yonse ndikusinkhasinkha, ndakana mayina ochokera kunja kwa nyanja, ndakana mayina a Ahebri ndi a mikango, ndafunsa anzanga, ndapemphera. Zambiri mwa zimenezi zinali zoona. Kenako ndinati, "Mwanayu ndi Yankho."

Nthungululu zinachedwa pang'ono. M'kanthawi kameneko ndinayang'ana nkhope za anthu, ndipo ndinaona chinthu chimene chinanditonthoza. Sindinali ndekha. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anayamba kukonza mpango umene unali bwinobwino. Wina wa ku kwaya anapeza kanthu kofunika kwambiri m'zikhadabo zake. Azakhali a mlamu wanga anatsokomola. Aliyense anali ndi funso lake limene anafunsapo tsiku lina, ndipo aliyense anaganiza kuti ndalasa iyeyo.

Amene anayamba nthungululu anali amayi a mlamu wanga. Anadzuka, anavina pang'ono, anabwera kudzandikumbatira n'kundinong'oneza kuti, "Mwawatha. Ndimakuonani ngati munthu wopanda nzeru, koma apa mwawatha." Iwo okha ndi amene anali otsimikiza kuti dzinalo likunena ena. Ndinalandira kuyamikirako ndi manja awiri. Mlamu wanga anali pakhomo, akuyang'ana pansi.

Madzulo ndili kwathu ndinaimbira ku Joni. Mchimwene wanga anawerenga zilembo n'kudandaula kuti zisanu ndi chimodzi ndi zambiri, iye amafuna zinayi. Ndinamuuza kuti pakamwa limatuluka kawiri kokha, Ya-nkho, chimodzimodzi Samu wake uja, komanso tanthauzo silili patali, poti Mulungu akamva amayankha. Anati ndidikire aone pa intaneti. Patapita nthawi anaimbanso, mawu atasintha.

"Achemwali, pa mndandanda uja palibepo. Ndayang'ana ina itatu, palibenso."

"Ndiye?"

"Ndiye kuti ndi losowa. Kuno palibe mwana amene ali nalo."

M'mawa mwake anakauza abwana ake, ndipo akazi a abwanawo analiyesa katatu osalitha. Zimenezi zinamusangalatsa kwambiri. Anati aka n'koyamba kuwaona akuvutika ndi chinthu chake. Mpaka lero amauza anthu kuti dzina la mwana wake anasankha ndi achemwali ake, iye atawapatsa malangizo. Ine sinditsutsa, mlamu wanga satsutsanso. Akabwera ku sikelo amadzera kwathu, timakazinga chimanga, ndipo masiku ano amayankhula. Ndinapeza kuti amadziwa kutsanzira mayendedwe a munthu aliyense wa ku Kadewere, ndipo ndikukhulupirira kuti akakhala kwawo amatsanzira anga.

Mchimwene wanga anabwera mwana ali ndi zaka ziwiri, akuyenda ndiponso akutchula mawu angapo. Ndinapita nawo kukamulandira. Anatsika njinga yamoto ndi zikwama ziwiri, anagwada pabwalo, anatambasula manja n'kuitana dzina lija. Mwana anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa, kenako anabisala kuseri kwa nsalu ya mayi ake.

"Pita kwa ababa," mayi ake anamuuza. "Kawapatse moni ababa."

Mwanayo anamva. Anathamangira m'nyumba, tinamva akukoka mpando, ndipo anatuluka atanyamula foni ya mayi ake ndi manja awiri. Anaiika pakhutu n'kunena kuti, "Baba."

Tonse tinaseka, mchimwene wanganso anaseka. Kenako anakhala pansi pa dothi pomwepo, ndi buluku lake latsopano. Anabwera ndi tikiti yobwerera pakatha sabata zitatu. Anakaisintha ku Limbe, ndipo anakhala mpaka titamaliza kukolola nandolo.